Mesosaurus anali nyama yanji, ndipo mafupa ake akutani mbali zonse ziwiri za Atlantic?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa Jogalafe pasukulu ina ya sekondale yoyendera: "Tikafika pa mutu wa kusuntha kwa makontinenti, buku limangotchula Mesosaurus ngati umboni wakuti Africa ndi South America zinali dziko limodzi, basi. Ana anga anandifunsa mafunso amene ndinasowa poyankhira. Kodi anali dinosaur kapena ng'ona? Ngati ankadziwa kusambira, chinamuletsa n'chiyani kungowoloka nyanja? Nanga ndi yemweyo amene ena amalemba kuti Mosasaurus?"

Aphunzitsi, ndiyambe ndi funso lomalizalo poti ndi lopepuka. Mesosaurus ndi Mosasaurus ndi nyama ziwiri zosiyana kutalitali, chimene chimasokoneza n'chakuti mayinawo amasiyana zilembo ziwiri zokha. Mosasaurus chinali chilombo chopitirira mamita 10 m'litali, chachibale ndi ng'azi ndi njoka. Dzina lake linachokera ku mtsinje wa Meuse, pakuti zigaza zoyamba zinafukulidwa m'migodi ya miyala pafupi ndi mzinda wa Maastricht ku Netherlands, ndipo mtundu wake unatha zaka 66 miliyoni zapitazo. Mesosaurus wa m'buku lanuyo anali kanyama ka pafupifupi mita imodzi kuchokera kumphuno kukafika kunsonga ya mchira, ndipo anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 280 miliyoni zapitazo, kumayambiriro kwa nyengo yotchedwa Permian. Pakati pa awiriwa pali zaka zokwana pafupifupi 200 miliyoni.

Zaka zomwezi zikuthetsanso nkhani ya dinosaur ndi ng'ona. Madinosaur oyamba anaoneka zaka pafupifupi 230 miliyoni zapitazo, Mesosaurus atatha kalekale, ndipo ng'ona zinabwera pambuyo pakenso. Mlomo wautali wodzaza mano ndi umene umachititsa ana kuganiza za ng'ona, koma nyama zambiri zosaka m'madzi zimakhala ndi mlomo wotero ngakhale zilibe ubale, chifukwa mlomo wosongoka sukankha madzi ambiri pogwira chakudya. Chimene chimamupatsa Mesosaurus malo akeake ndi ichi: mwa nyama zonse zimene makolo ake anali atazolowera kuswana pamtunda, iye ndi woyamba amene tikumudziwa kuti anabwerera kukakhala m'madzi. Zokwawa zina za m'nyanja monga ichthyosaur zinadzatsatira patapita zaka pafupifupi 30 miliyoni.

Mukaona mafupa ake pamwala, chimene chimayamba kukugwirani maso ndi nthiti. Nthiti za buluzi ndi zopyapyala ngati udzu, koma za Mesosaurus wamkulu ndi zonenepa, zokhota ngati nthochi, zandandalika mothithikana mbali zonse ziwiri za msana. M'kati mwake ndi zolimba, zopanda mphako yaikulu. Kulemera kumeneku kunali ndi ntchito. Nyama yopuma mpweya ikalowa m'madzi mapapo amaikokera pamwamba ngati chigubu chotseka, ndiye mafupa olemera amaithandiza kukhala pansi popanda kulimbana. Mafupa oterewa amapezeka pa nyama zosambira pang'onopang'ono m'madzi osazama kwambiri, ndipo mfundo imeneyi muisunge, tiifuna posachedwapa. Khosi ndi lalitali, mchira ndi wautali ndiponso ndiwo unkamukankha posambira. Miyendo yakumbuyo ndi yaikulu kuposa yakutsogolo, zala zake n'zotambasuka, ndipo pa miyala ina yosungika bwino pamaoneka chizindikiro cha kachikopa kolumikiza zalazo ngati phazi la bakha.

Kenako mano. Ndi ambiri, aatali, oonda ngati singano, ndipo amatulukira kunja pang'ono kotero kuti pakamwa pakatsekedwa, a m'mwamba amalowa m'mipata ya a m'munsi monga mmene zala za manja awiri zimapinganirana. Mano otere sangang'ambe nyama yaikulu, akhoza kuthyoka. Ankagwira tizilombo ting'onoting'ono ta m'gulu la nkhanu totchedwa pygocephalomorph, ndipo izi sitikungoganizira: ku Uruguay kwapezeka zotsalira za tizilomboti m'mimba mwa a Mesosaurus ndi m'ndowe zawo zosanduka mwala. M'zotsalira zomwezo muli ndi timafupa ta a Mesosaurus aang'ono, kusonyeza kuti nthawi zina ankadyana kapena kudya mitembo ya anzawo.

Mwala umene unapatsa nyamayi dzina uli ndi mbiri imene imandikhudza nthawi iliyonse ndikaikumbuka. Zimasimbidwa kuti cha m'ma 1830 unapezeka m'nyumba ya munthu wa mtundu wa Griqua, kudera la Kimberley ku South Africa, akuugwiritsa ntchito ngati chivundikiro cha mphika. Mwalawo unakathera ku Paris, kumene katswiri wa zinyama Paul Gervais anaufotokoza mu 1865 n'kuutcha Mesosaurus tenuidens. Mawu oyambawo ndi a Chigiriki, kutanthauza buluzi wapakati, achiwiriwo ndi a Chilatini, kutanthauza dzino loonda. Dzina la Gervais lili m'mabuku onse, la munthu amene anautola kuthengo n'kuusunga m'nyumba mwake mulibe. Ana anu adziwe kuti woyamba kuugwira m'manja anali munthu wa kuno ku Africa.

Tsopano miyala imene mafupawa amapezekamo, pakuti mphamvu ya umboni wonse ili m'menemo. Mesosaurus sapezeka paliponse. Ku Africa ali ku South Africa ndi ku Namibia, m'mzere umodzi wa miyala yotchedwa Whitehill, womwe ndi gawo la miyala ya Karoo (dzinali ndi la dera louma la ku South Africa). Ndi matope akuda osanduka mwala, ogawika m'timapale topyapyala, koma akakhala pa dzuwa ndi mvula amayera, moti kumapiri a Karoo mzerewu umaoneka patali ngati lamba woyera. Ku South America ali kum'mwera kwa Brazil m'miyala yotchedwa Irati, ku Uruguay m'miyala yotchedwa Mangrullo, komanso ku Paraguay. Miyala ya Irati nayonso ndi matope akuda osakanikirana ndi miyala ya laimu, ndipo ili ndi mafuta ochuluka moti ku São Mateus do Sul, m'chigawo cha Paraná, amaikumba n'kuiwotcha kuti atulutse mafutawo. Mafupa ambiri a ku Brazil anatuluka m'migodi yotereyi ndi m'makwale a laimu.

Kudako kuli ndi chifukwa. Pansi pa nyanja imeneyo panalibe mpweya wokwanira, choncho zomera ndi tizilombo zikafa sizinkawola msanga, ndipo panalibe zamoyo zofukula matope kapena kumwaza mitembo. Mesosaurus akafa n'kumira, ankagona momwemo mpaka matope atamukwirira. N'chifukwa chake tili ndi mafupa ake mazanamazana, ambiri ali chilumikizire kuyambira kumutu mpaka kumchira. Zaka zake timazidziwa chifukwa pakati pa matopewo pali timizere ta phulusa la mapiri ophulika, ndipo m'phulusamo muli timiyala ta zircon tokhala ndi uranium amene amasanduka mtovu pa liwiro lodziwika. Poyeza phulusa la m'miyala ya Irati anapeza zaka pafupifupi 278 miliyoni, ndipo miyala ya Whitehill ndi ya nyengo yomweyo.

Nanga bwanji sanangowoloka? Funso limeneli ndi labwino kwambiri mwa atatuwo, ndipo akatswiri a zaka 100 zapitazo anakanganapo kwa nthawi yaitali. Pamene katswiri wa ku Germany Alfred Wegener anatulutsa maganizo ake mu 1912 ndi 1915 akuti makontinenti amasuntha, ambiri anakana. Ankavomereza kuti zamoyo zakale za ku Africa ndi za ku South America zikufanana, koma ankati panali milatho ya mtunda pakati pa nyanja imene inadzamira. Katswiri wa miyala wa ku South Africa, Alexander du Toit, anapita yekha ku South America mu 1923 kukayenda pa miyala ya kumeneko, ndipo mu 1927 anafalitsa zimene anaona. Anapeza kuti si nyama yokha imene ikufanana. Mndandanda wonse wa miyala ukufanana. Pansi pali miyala yosiyidwa ndi madzi oundana, imene kuno timaitcha Dwyka ndipo ku Brazil amaitcha Itararé. Pamwamba pake pali miyala ya malasha yokhala ndi masamba a mtengo wa Glossopteris, komanso matope akuda aja okhala ndi Mesosaurus ndi tinkhanu take tomwe tija. Nyama ikhoza kusambira, koma thanthwe silisambira.

Onjezani apa zija za nthiti. Kanyama ka mita imodzi, ka mafupa olemera, kosambira pang'onopang'ono, kodalira tizilombo ta m'madzi osazama, sikakanatha ulendo wa makilomita oposa 5,000 umene lero uli pakati pa Namibia ndi kum'mwera kwa Brazil. Ndipo kakanakhala ndi mphamvu zoterozo, mafupa ake tikanawapeza m'magombe enanso a nthawi imeneyo, ku Ulaya, ku North America kapena ku Asia, monga zilili ndi ichthyosaur amene anafalikira dziko lonse. Mesosaurus ali m'madera awiri okha, ndipo mukadula mapu n'kulumikiza South America ndi Africa, madera awiriwo amakhala chithaphwi chimodzi. Imeneyo inali nyanja imodzi ya pakati pa mtunda, m'kati mwa kontinenti yaikulu ya Gondwana. Kum'mwera kwa Atlantic kunayamba kutseguka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, Mesosaurus atagona m'mwala zaka 150 miliyoni, ndipo mng'aluwo unadutsa pakati pa manda ake. Mkanganowo unatha m'zaka za m'ma 1960 pamene kuyeza pansi pa nyanja kunasonyeza kuti pansipo pakutambasuka, ndipo milatho yomira ija palibe.

Pali chinthu chimodzi chimene mabuku ambiri a sukulu amachinena mophweka mopitirira. Amalemba kuti Mesosaurus anali wa m'madzi opanda mchere, choncho sakanapirira madzi a m'nyanja yaikulu. Miyala ikunena zina. M'miyala ya Mangrullo muli gypsum, amene amapangika madzi amchere akamaphwa, ndipo mitundu ya zamoyo zopezekamo ndi yochepa kwambiri, monga zimakhalira m'madzi owawa. Graciela Piñeiro ndi anzake ku Uruguay amati madzi a kumeneko nthawi zina ankakhala amchere koposa a m'nyanja yaikulu. Chitsanzo chapafupi kwa ana anu ndi Chilwa, nyanja yopanda mtsinje wotulutsa madzi, imene mchere wake umakwera madzi akamachepa, kungoti ya Mesosaurus inali yaikulu kwambiri ndipo mwina inkalumikizana ndi nyanja yakunja kudzera pa khomo lopapatiza. Ine ndingakonde kuti ana amve mfundo yoona: umboni sukudalira pa mchere. Ukudalira pa thupi la nyamayo, kuchepa kwa dera limene imapezeka, ndi kufanana kwa miyala.

Tibwere ku magulu, kumene nkhani imavuta. Pali mafunso awiri osiyana: kodi panali mitundu ingati ya nyamayi, ndipo kodi ili pa nthambi iti ya zokwawa.

La mitundu layamba kuyera posachedwapa. Gervais atatcha wa ku Africa uja, Edward Drinker Cope wa ku America anafotokoza mafupa a ku Brazil m'zaka za m'ma 1880 n'kuwatcha Stereosternum tumidum. Mu 1908 kunabwera dzina lina, Mesosaurus brasiliensis, limene pambuyo pake linadziwika kuti ndi tenuidens yemweyo. Mu 1966 akatswiri awiri a ku Japan, Shikama ndi Ozaki, anawonjezera Brazilosaurus sanpauloensis. Kwa zaka zambiri mabuku ankati banja la Mesosauridae lili ndi mitundu itatu, yosiyana kutalika kwa mano, kutalika kwa khosi poyerekeza ndi mutu, ndi kunenepa kwa nthiti. Mu 2021 Piñeiro ndi anzake anafunsa poyera ngati mayina awiri enawo ali oyenera, ndipo mu 2022 Antoine Verrière ndi Jörg Fröbisch a ku Berlin anayeza mafupa a nyama 270 zosungidwa m'mayiko osiyanasiyana. Anapeza kuti zimene anthu ankasiyanitsira mitunduzo zimasintha nyama ikamakula. Wamng'ono ali ndi mlomo waufupi ndi mano aafupi, akamakula mlomo umatalika, mano amatalika. Munthu amene sanaonepo nkhuku, atapatsidwa mafupa a mwanapiye ndi a tambala, akhoza kuwapatsa mayina awiri. Malinga ndi kafukufukuyu, Stereosternum ndi Brazilosaurus ndi ana kapena mafupa osakwanira a Mesosaurus tenuidens. Ine ndimaona kuti mfundo yawo ndi yolimba, ndipo kwa inu ophunzitsa Jogalafe ikuwonjezera mphamvu: mtundu umodzi weniweni, mbali zonse ziwiri za nyanja.

La nthambi ndiye likadali pa bwalo. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nyama zoswana pamtunda zinkagawidwa poyang'ana mabowo a chigaza kuseri kwa diso. Uzani ana aike chala pambali pa mutu, pakati pa diso ndi khutu, n'kumatafuna. Mnofu umene ukugundawo umadutsa pa mpata umene tinatengera kwa makolo akale okhala ndi bowo limodzi mbali iliyonse. Gulu limeneli ndi Synapsida, ndipo ife ndi nyama zonse zoyamwitsa tili m'menemo. A mabowo awiri ndi Diapsida: ng'ona, abuluzi, njoka, madinosaur ndi mbalame. Opanda bowo ankatchedwa Anapsida. Ndiye kuti timuike Mesosaurus, tingoyang'ana kuseri kwa diso lake.

Apa ndi pamene pagona vuto. Mafupa a kumbuyo kwa chigaza chake ndi opyapyala kwambiri, ndipo kulemera kwa matope kunawaphwanya ngati chikungwa cha dzira chopondedwa. Komanso m'miyala yambiri fupa lenilenilo linasungunuka kalekale, panangotsala mphako ya maonekedwe ake, ngati chikombole choumbira njerwa. Katswiri amathira labala wamadzi m'mphakomo, akauma amamusenda mosamala, ndipo chimene amaika pansi pa maikulosikopu ndi labalayo. Tsono mpata ukaoneka kuseri kwa diso, ndi bowo lachibadwa kapena ndi mafupa amene anatayana pophwanyika? Friedrich von Huene wa ku Germany mu 1941 anajambula chigazacho chili ndi bowo limodzi m'munsi, ndipo anayandikiza Mesosaurus ku Synapsida. Ambiri amene anabwera pambuyo pake anati palibe bowo. Mu 1988 Jacques Gauthier ndi anzake anamuika m'gulu limene analitcha parareptile, la zokwawa zakale zimene zinatha zonse. Mu 1995 Michel Laurin ndi Robert Reisz anati ayi, iye ndi nthambi yoyamba kupatuka patsinde penipeni pa mzere wa zokwawa, asanagawikane ena onse. Sean Modesto atafotokozanso chigazacho mu 2006 anati chilibe bowo, ndipo anamubwezera kwa ma parareptile. Mu 2012 Piñeiro ndi anzake anatulutsa zigaza za ku Uruguay zimene akuti bowolo likuoneka. Mu 2017 Laurin ndi Piñeiro anamuikanso patsinde, ndipo chaka chotsatira Mark MacDougall ndi anzake anayankha kuti ndi parareptile ndithu.

Musaone ngati akatswiriwa akungozungulira. Chimene chasintha m'zaka zimenezi ndi chikhulupiriro chathu pa mabowowo. Fulu alibe bowo lililonse, ndipo kwa zaka zambiri ankatengedwa ngati wotsala wa Anapsida. Koma DNA yasonyeza kuti achibale ake apafupi ndi ng'ona ndi mbalame, kutanthauza kuti makolo ake anali ndi mabowo amene anadzatsekeka. Ma parareptile angapo nawonso apezeka ali ndi bowo. Bowo limatha kutseguka ndi kutsekeka kangapo m'mbiri ya banja limodzi, choncho lero palibe amene amagamula mlandu ndi chizindikiro chimodzi. Amalemba zizindikiro mazana za mafupa a nyama zambiri, n'kugwiritsa ntchito kompyuta kupeza mtengo wa ubale umene ukugwirizana nazo bwino. Mesosaurus amavutabe ngakhale pamenepo chifukwa moyo wa m'madzi unasintha thupi lake kwambiri, zizindikiro za makolo ake zambiri zinafufutika, ndipo amatulukira m'miyala ali wosinthika kale. Kafukufuku wina wa zaka zaposachedwa akukayikira ngakhale gulu la parareptile lenilenilo, kuti mwina ndi nyama za nthambi zosiyana zimene zinangounjikidwa pamodzi. Chimene mbali zonse za lero zimagwirizana ndi chakuti Mesosaurus ali kumbali ya zokwawa, pafupi ndi tsinde, ndipo sanasiye mdzukulu aliyense wamoyo. Pamenepo mukhoza kuimapo molimba pamaso pa kalasi.

Pali zinthu ziwiri zimene ana amazikonda ndikamawafotokozera. Mu 2012 kunalengezedwa za mwana wosabadwa wa Mesosaurus, atadzipinda ngati ali m'dzira, wopezeka ku Uruguay, ndi wina wa ku Brazil amene ali m'kati mwa nthiti za wamkulu. Awa ali m'gulu la ana osabadwa akale koposa odziwika mwa nyama zoswana pamtunda, ndipo akusonyeza kuti mayi ankasunga mazira m'thupi mpaka mwana atakhwima, mwinanso ankabereka wamoyo. Chachiwiri, mafupa a mchira wake ali ndi timing'alu tofanana ndi timene timathandiza nalimata kudula mchira akagwidwa. Amene anafufuza izi mu 2020 akuganiza kuti anangotengera timing'aluti kwa makolo a pamtunda koma sankatigwiritsa ntchito, pakuti nyama yosambira ndi mchira ikaudula yadzipha yokha.

Nyanja ya Mesosaurus inali kum'mwera chakumadzulo, kutali ndi kuno. Amene ali ndi mwayi wofika ku Namibia akhoza kuona mafupawa ali m'mwala momwe anagonera, pa famu ina kufupi ndi tawuni ya Keetmanshoop imene imalandira alendo. Koma Malawi naye anali m'kati mwa Gondwana, ndipo miyala ya Karoo tili nayo, yoikidwa m'mitsinje, m'madambo ndi m'nyanja zing'onozing'ono za nthawi imeneyo. Malasha a ku Mchenga m'boma la Rumphi ndi a nyengo ya Permian yomweyo. Ku Chiweta, chapafupi pomwepo, kwafukulidwa zigaza za ma Synapsida a kumapeto kwa Permian, a bowo limodzi aja, monganso ku chigwa cha Luangwa ku Zambia. Malawisaurus amene mafupa ake aimikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ku Karonga ndi dinosaur weniweni wa nyengo ya Cretaceous, wobwera zaka zoposa 150 miliyoni pambuyo pa Mesosaurus, nthawi imene Atlantic inali itayamba kale kutseguka.

Pa phunziro lenilenilo, jambulani mapu a Africa ndi South America pa katoni, muwadule, mupake makala pa Namibia ndi pakati pa South Africa, mupakenso kum'mwera kwa Brazil, Uruguay ndi Paraguay. Kenako mupatse zidutswa ziwirizo kwa mwana uja anafunsa za kusambira, azilumikize yekha patebulo.